Utsi wa Mayi Stuckey

Nyuzipepala ya kuno ku Tolliver yalemba za imfa ya Orpha Stuckey m'munsi mwa uthenga wotsatsa mankhwala a nkhupakupa. Yati anali mkazi wa malemu Lemuel Stuckey, mmodzi wa abambo olimba mtima amene anatsegula dziko lino, ndiponso yati ankaphika bwino. Basi. Ndawerenga kawiri, kenako pepalalo ndayatsira moto. Ine si munthu wolankhulalankhula, a kutchalitchi angakuuzeni. Koma Orpha ndinakhala naye moyandikana kuyambira tili ongokwatiwa kumene mpaka sabata yatha pamene ndinasambitsa thupi lake, ndiye zimene ndinaona ndi maso anga ndizilemba.

Tinafika kuno m'chaka cha 1872 pa ngolo zokokedwa ndi ng'ombe. Anthu amene ankakhala m'chigwa chino kuyambira makolo awo anali atangothamangitsidwa ndi asilikali, mafuwa awo akadali akuda m'mbali mwa mtsinje, koma amuna athu ankati tapeza dziko lopanda mwini. Mtengo kunalibe ndi umodzi womwe. Ukaima pakhomo unkaona udzu wokhawokha mpaka kumene maso alekera, ndi mphepo yosadziwa kutopa. Nyumba tinamanga ndi zibuma zodula pansi, dothi ndi mizu ya udzu pamodzi. Moto tinkasonkha ndi ndowe zouma za njati.

Kutola ndowezo inali ntchito ya amayi ndi ana. Mwamuna ankaotha motowo bwinobwino, koma kuti aoneke atawerama ndi thumba, ayi. Orpha anali wamfupi, wa mapewa otambalala, manja ake okhakhala ngati chikwanje chakale. Chilimwe chonse cha chaka chathu chachiwiri ankatuluka ndi wilibala akangomaliza kukama ng'ombe, mwana wake wamkazi Cora akuyenda pambali, khanda lake Willis litagona pa chiguduli pamwamba pa katunduyo. Ndowe za pafupi zitatha anayamba kupita kutali, kubwera dzuwa litapendeka, nkhope itapsa. Ankaziunjika kuseri kwa nyumba mosamala ngati njerwa, n'kufolera ndi udzu kuti mvula isalowe. Pofika nthawi yokolola muluwo unali utapitirira denga. Anthu ankaseka kuti m'dziko lonse lino phiri ndi limodzi, ndipo ndi la Orpha.

Sankachita zimenezi mongofuna kutchuka. Ndowe zimayaka msanga, mbaula imazimeza ngati sinadyepo, ndipo chisanu cha kuno chimapha. Komanso Lemuel anali atanena kale kuti nyengo yozizira akagwira ganyu kunjanji, kutali kum'mawa, monga ankachitira amuna ambiri. Lamulo linkati malo amene wapatsidwa ukawasiya opanda munthu akulanda, ndiye wina ankayenera kutsala. Wotsala anali Orpha ndi ana. Malowo anali m'dzina la Lemuel.

Ndiye panali Asa Tolliver. Iyeyu sanabwere kudzalima. Anabwera ndi chipewa chabwino, zikhomo ndi chingwe, n'kukhoma zikhomozo m'udzu, akuti apa msewu waukulu, apa khoti, apa banki. Malo onse a pakati pa zikhomozo anali ake. Kuti akwere mtengo panafunika kuti dera lino likhale boma palokha, likulu lake likhale pomwepa. Koma boma silinkaperekedwa kwa udzu. Bwanamkubwa ankatumiza munthu kudzaona ngati mabanja akwanira, ndipo ife tinali ochepa kwambiri, osafika ndi theka lomwe.

Tolliver anamva kuti munthu amene akubwerayo ndi wachikulire, wa mwendo wovuta, sangayende khomo ndi khomo. Basi nzeru inabwera. Amuna anathamanga kuimika tizisakasa m'mbali mwa zitunda, tina ta zibuma, tina ta matenti ong'ambika, kalikonse ndi chumuni cha chitini. Anapangana kuti mlendoyo amukweze pangolo m'mawa kukuzizira, akamuimike pamtunda, awerenge utsi. Pamene pali utsi pali banja. Chinatsala n'chimodzi: choyatsira moto wochuluka choncho kwa masiku amene mlendoyo akhale.

Ndinali kwa Orpha tikusenda maungu pamene Tolliver anafika, chipewa kumanja, Lemuel akumutsatira.

"Mayi Stuckey, mayi wa boma lathu! Ndabwera kudzabwereka phiri lanu."

"Phiri sabwereka, a Tolliver. Ngati mukufuna ndowe, njati zinasiya zambiri kuthengoko. Thumba ndikubwerekani."

Tolliver anaseka kwambiri, kuseka kwa munthu amene wazolowera kupatsidwa.

"Tamverani, mayi. Boma likangokhazikika ndikubweretserani malasha pangolo. Malasha enieni, akuda, osati zonyansa izi."

"Zonyansazo ndi zomwe zinaphika nyemba munadya pano dzulo. Munapemphanso zowonjezera."

"Amake Cora," anatero Lemuel motsitsa mawu, "musatichititse manyazi. Munthu wamkulu walonjeza pamaso pa anthu. Boma likabwera, malo athu omwe akwera."

"Abambo ake Cora, inu mukupita kunjanji. Kumeneko akakuothetsani. Ife nanga?"

"Ndavomera kale," anatero Lemuel, maso ali pansi.

Lemuel sanali munthu woipa. Sanamenyepo mkazi, sankamwa. Anangopereka chinthu chimene sanawerameko ngakhale kamodzi, ndipo palibe mwa amunawo amene anaona chachilendo pamenepo.

Mukuganiza kuti motowo anayatsa ndani? Amuna anali otanganidwa kumeta ndevu ndi kucheza ndi mlendo. Ndife amayi tinkathamanga kuseri kwa zitunda titawerama kuti tisaoneke, matumba kumsana, kuchoka kachisakasa aka kupita ako, kuuzira, kuwaza timadzi kuti utsi uchuluke. Tinayanika zovala zathu pa zingwe za nyumba zopanda anthu. Ana tinkawasamutsa, m'mawa asewere apa, masana uko. Orpha ankathamanga nafe, n'kuthamangiranso kwawo kukaphikira mlendoyo, poti nyumba yake ndiyo inali yaikulu ndipo buledi wake wa chimanga ndiye ankadyeka. Mkuluyo anaima pamtunda, n'kuyang'ana utsi ukukwera chigwa chonse, n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Koma ndiye mwachulukana msanga, anthu inu," anatero.

Pamene ankachoka, phiri la Orpha linali lolekeza m'mawondo.

Boma linabadwa. Analitcha Tolliver, tauni yomwe Tolliver. Amuna anaponya mavoti m'nyumba ya Orpha, ife tinasesa matope atatuluka. Tolliver anakhala mkulu wa boma, a Gaskill a sitolo anakhala woweruza, ndipo Dell Rasco, amene ndevu zinali zisanagwirizane, anakhala wapolisi. Chinthu choyamba chimene akuluakuluwo anaitanitsa chinali matabwa omangira khoti. Anabwera pangolo kuchokera kunjanji, achikasu, onunkhira utomoni. Ana ankapita kukangowanunkhiza. Anawaunjika pakati pa zikhomo zija kudikira kuti kuzizira kuthe. Malasha sanabwere. Akuti pangolo panalibe malo.

Lemuel anapita kunjanji. Sabata yotsatira chipale, madzi oundana ogwa ngati ufa, chinagwa n'kukwirira dziko lonse, ndi ndowe zomwe zinali zikadali kuthengo.

Orpha anapita kukaonana ndi Tolliver kusitolo, kumene amuna ankakhala mozungulira mbaula.

"A Tolliver, malasha aja."

"Aa, mayi, nkhani imeneyo iyenera kudutsa pamsonkhano wa boma. Panopa zinthu zili ndi ndondomeko, si kale lija."

"Ndowe zanga zinadutsa pamsonkhano uti?"

Amuna anaseka. Wina anati, "Asa, wakupeza!" Anaseka ngati Orpha wabwera kudzawasangalatsa, iye n'kutuluka chimanjamanja.

Tinkamugawira, amayi enafe, koma milu yathu inali yaing'ono ndipo nafenso tinali titathirako pa utsi uja. Orpha anayamba kupota udzu wa ng'ombe kukhala timitolo tolimba. Udzu umacheka zala, ndipo kamtolo kamayaka nthawi yomwe munthu akupota kena, moti ankakhala pambali pa mbaula tsiku lonse akupota, magazi akudontha. Udzu utachepa anasiya, poopa kuti ng'ombe ingafe, mkaka wa ana uthe. Anawotcha benchi. Anawotcha bokosi limene anabwera nalo kuchokera kwa amayi ake. Anawotcha kabedi ka Willis.

M'mawa wina mphepo itaduka ndinapita kukawaona. Madzi a m'ndowa anali mwala. Ana onse awiri anali pabedi atavala zovala zonse za m'nyumbamo, ndi jekete lakale la bambo awo. Cora ankati mapazi sakupwetekanso, ndipo nditamuvula masokosi ndinaona zala zitayera ngati kandulo. Willis sankalira. Ankangopuma mofulumira, pakhosi pakulira ngati kamluzu. Orpha anaima pakati pa nyumba akuyang'ana tebulo, chinthu chamtengo chokha chimene chinatsala. Kenako anayang'ana chitseko.

"Hester, ndigwirire ana. Uwaike pamimba pako."

Anatenga nkhwangwa ndi wilibala. Anthu ena masiku ano amati anaba mobisa. Bodza. Dzuwa linali paliwombo. Anadutsa pakhomo pa sitolo, wilibala ikulira, n'kukaima pa mulu wa matabwa a boma. Anasolola limodzi, n'kulidula zidutswa zolowa m'mbaula, n'kusolola lina. Amuna anadzaza pawindo. Rasco ndiye anatuluka akumanga mabatani.

"Amayi! Amayi, a boma amenewotu!"

"Ndikudziwa, mwanawe. Tasendera uko, ndingakudule phazi."

"Ndikumangani, amayi!"

"Udzandimange ndikamaliza. Panopa gwira apa, thabwali likuterera."

Rasco sanagwire, komanso sanamuletse. Orpha anabwerera kangapo tsiku limenelo. Moto utayaka, nyumba yonse inanunkhira utomoni, ndipo Cora anayamba kukuwa ndi ululu mapazi akudzuka. Sindinamvepo kulira kokoma choncho.

Uwu ndiwo unakhala mlandu woyamba m'boma la Tolliver: boma kuimba mlandu Orpha Stuckey wakuba matabwa. Tolliver ndiye anaumirira. Ankati boma latsopano likalekerera wakuba woyamba, latha. Koma khoti likakhalira kuti? Khotilo linali likadali mulu pansi pa chipale. Kusitolo nako moto unali utachepa, a Gaskill ankasonkha mowerengera. Nyumba yofunda m'tauni yonse inali imodzi. Ndiye Rasco anatumidwa kukauza woimbidwa mlandu kuti mlandu wake ukambidwa m'nyumba mwake, ndipo poti udzafika masana, zingakhale bwino patakhala kachakudya.

Ndinaganiza kuti amuponyera chikuni. Orpha anangoti, "Abwere." Anaviika nyemba. Ine ndinamuthandiza kuphika.

Anabwera a Gaskill, Tolliver, Rasco, abambo asanu ndi mmodzi othandiza kugamula, mmodzi wa iwo mwamuna wanga Enoch, ndi ena ambiri amene analibe nawo gawo koma anamva kuti kuli moto. Kunja mphepo inali itayambanso. Analowa akupukusa chipale pansi pamene tinali titasesa, n'kutambasulira manja kumbaula, akuti aa, koma muno ndiye muli bwino. A Gaskill anakhala patebulo, msana kumoto. Anaona matabwa otsala ataunjikidwa kukhoma, n'kukhosomola mwaudindo.

"Matabwa awa ndi umboni. Kuyambira tsopano palibe wowakhudza."

"Chabwino, bwana," anatero Orpha.

Anakhala pa ndowa yovundikira n'kupinda manja. Aka kanali koyamba kumuona atakhala masana opanda kanthu m'manja. Ana anali pabedi, tinali titawaikira miyala yotentha kumapazi, ine ndili pambali pawo.

Tolliver anaimirira kulankhula, ndipo munthu uja ankakonda mawu ake. Ananena za lamulo, za chitukuko, za ana a ana athu amene adzayenda m'misewu yamiyala. Matabwa a paini sachedwa kunyeka. Akunena za njanji imene idzafika, moto unali makala. Akunena za ulemu wa boma, makala anali phulusa. Kuzizira kunalowera pansi pa chitseko n'kuyamba kukwera m'miyendo. Mpweya wa m'kamwa unayamba kuoneka. Amuna anavalanso zipewa. Inki ya a Gaskill inauma m'botolo, iwo akuigwedeza mobisa. Mafuta anagwirana pamwamba pa nyemba.

Willis anayamba kutsokomola, chifuwa chija chomwe chinali chitangoyamba kupepuka. Ndinamuika mkati mwa malaya anga.

"Orpha," ndinanong'ona, "mwanayu."

Sanatembenuke. Sanadzuke pa ndowa paja.

"Amve," anatero. "Amve mmene amatsokomolera."

Anamva. M'nyumba monse munali zii, kupatula mawu a Tolliver ndi chifuwa cha mwana. Enoch wanga ankayang'ana nsapato zake. Potsiriza mkulu wina mwa ogamulawo, a Brubaker, amene anali ndi nyamakazi, analephera kupirira.

"Asa, tafupikitsa, zala zanga sindikuzimvanso. Mayi, taponyanipo kathabwa kamodzi."

"Ndi umboni, agogo. Ine ndaba kale zokwanira. Amene wazizidwa adziponyere yekha."

"Ndiye tifere muno?"

"Simufa. Ife tinakhala choncho masabata, ndipo onani, tikadalipo. Inu mwangoyamba kumene."

Palibe anaseka ulendo uno. Rasco anayang'ana a Gaskill. Ogamula anayang'ana a Gaskill. A Gaskill anayang'ana matabwa, n'kuyang'ana kubedi. Kenako anadzuka, mawondo akulira, n'kutenga zidutswa ziwiri ndi manja awo, n'kuziponya m'mbaula. Anagwada n'kuuzira ngati mayi.

"Gaskill!" anakuwa Tolliver. "Katundu wa boma ameneyo!"

"Khala pansi, Asa. Khoti likuotha."

Chigamulo sichinachedwe, poti woweruza anali atawotcha umboni pamaso pa aliyense. Anagwirizana kuti matabwawo sanabedwe, anatengedwa kuti afunditse khoti, ndipo mlandu palibe. Anagwirizananso kuti matabwa ena abwere m'nyumbamo, poti khoti ndi misonkhano yonse ya boma zizichitikira mommo mpaka kuzizira kutatha. Atatero anatenthetsa nyemba zija, kapena ndinene kuti ife tinatenthetsa, iwo n'kudya, n'kuyamikira, n'kupita. Mbale tinatsuka ine ndi Orpha.

Anthu akamva nkhaniyi amati Orpha anapambana. Anapeza moto, inde, ndipo ndicho ankafuna. Willis anachira, lero ndi bambo wa ana ake kutsidya kwa mtsinje. Cora anaduka zala ziwiri za kuphazi, amayenda motsimphina mpaka pano. Koma taganizani chimene anapatsidwa pamodzi ndi motowo. Nyengo yonse yozizira boma linakhala m'nyumba mwake. Amuna ankafika m'mawa, kukangana za misewu ndi malire a minda, kulavula fodya pambali pa chitini chomwe anawaikira, kudya buledi wake, kumwa khofi wake, kumuuza kuti atontholetse mwana poti akuluakulu akukambirana. Iye ndiye ankadula matabwa, kusonkha moto, kutaya phulusa, kukolopa. Woweruza ankalandira malipiro. Wapolisi ankalandira. Mlembi wa boma ankalandira. Amene ankachititsa kuti inki yawo isaume sanamufunsepo ngakhale kuti watopa. Lemuel atabwera n'kumva zonsezi, chomwe chinamukhudza n'choti mkazi wake anaimbidwa mlandu pagulu. Malasha aja sanabwere, chaka chimenecho kapena china chilichonse.

Tsopano tili ndi khoti lamiyala, la nsanja ya wotchi, ndipo chithunzi cha Asa Tolliver chili pakhoma polowera. Chaka ndi chaka pa tsiku lokumbukira oyamba kufika, wina amaimirira n'kusimba nkhani ya utsi, mmene Tolliver anapusitsira munthu wa bwanamkubwa ndi nzeru zake. Anthu amaseka mpaka kugwira nthiti. M'nkhani yawoyo utsi umangokwera wokha. Orpha ankapemphedwa kuphika pa tsiku limenelo, ndipo ankaphika, koma nkhaniyo ikayamba ankapita kuseri kukatsuka miphika. Njanji itafika, malasha atayamba kugulitsidwa, kuseri kwa nyumba yake kunkakhala mulu wopitirira denga chaka chilichonse, ngakhale atakalamba n'kutsala yekha. Ankakupatsa mkaka, mazira, usiku wonse pambali pa wodwala wako. Khala limodzi la pamulu umenewo sankabwereketsa, ngakhale kwa abusa.

Dzana, ine ndi Cora tikulongedza katundu wa malemuyo, kunabwera mwana wa Tolliver, amene tsopano ndi mkulu wa bungwe la tsiku lokumbukira lija. Anavula chipewa monga ankachitira bambo ake.

"Pepani ndi zovutazi, amayi. Tamva kuti wilibala yakale ikadalipo. Tikufuna tikaiike kukhoti anthu aziiona. Tilembapo kuti ndi wilibala ya a Lemuel Stuckey, imene inanyamula matabwa a khoti loyamba."

Cora anaika pansi katundu amene anali m'manja mwake. Kenako anakhala pa sitepe, n'kumasula nsapato yake ya kumanzere, n'kuvula sokosi, phazi lija n'kuliika poyera.

"Inanyamuladi matabwa, achimwene. Koma inkachokera kukhoti, sinkapita kukhoti. Mukalembe zimenezo, mulembenso dzina la amayi anga, ndi chifukwa chake. Mukafuna, ndibwera ndidzakhale pambali pake chonchi."

Mwamuna uja anati nkhani imeneyo iyenera kudutsa kaye pamsonkhano wa bungwe.

Wilibalayo ili kwanga tsopano. Gudumu lake likulirabe. Ndimanyamulirapo malasha.